Mtengo Unagwa, Mbewu Zake Zinamera: Ntchito Zachifundo za Bungwe la League of Nations

Ana athu a ku sekondale akafunsidwa za bungwe la League of Nations, ambiri amayankha ndi liwu limodzi lokha: linalephera. Ndipo sanama ayi. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1920 kuti nkhondo yonga ija ya 1914 mpaka 1918 isadzabukenso, koma zisanathe zaka 20 dziko lapansi linali pamoto wina woposa woyamba uja. Komabe woweruza wabwino sagamula mlandu atangomva mbali imodzi. Pamene atsogoleri a maiko ankakangana m'zipinda zazikulu za mumzinda wa Geneva, m'timaofesi tina ta bungwe lomwelo munali anthu owerengeka, madokotala, anamwino, alembi ndi odziwa malamulo, amene ankalimbana ndi mafunso ena. Kodi msilikali wogwidwa pankhondo abwerera bwanji kwawo? Munthu amene dziko lake lamukana alowera kuti? Mwana wamasiye wa mtundu wina amusamale ndani? Mayankho amene iwo anapeza tikali kuwagwiritsa ntchito mpaka lero, ngakhale kuno kwathu, ndipo nkoyenera kuti ife makolo ndi inu achinyamata tidziwe kumene anachokera.

Mmene bungweli linayambira

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inapha asilikali oposa 8 miliyoni, osawerengera amayi, ana ndi okalamba amene anafa ndi njala ndi matenda. Moto wake unafika ngakhale kuno, pakuti mu Sepitembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo pambuyo pake amuna ambirimbiri a dziko lino anatengedwa kukakhala asilikali kapena amtengatenga polimbana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa. Itatha nkhondoyo, anthu a m'maiko ambiri anali atatopa ndi maliro, kotero analandira ndi manja awiri maganizo a Pulezidenti Woodrow Wilson wa ku America akuti pakhale bwalo limodzi limene maiko azikambirana milandu yawo asanasolole malupanga.

Bwalolo linayamba ntchito pa 10 Januwale 1920, ndipo likulu lake linaikidwa ku Geneva m'dziko la Switzerland. Dzina lakuti League of Nations litanthauza chigwirizano cha mitundu ya anthu. Maiko oyamba kulowamo analipo 42, ndipo pamene linakula kwambiri, mu 1934, anakwana 58. Chodabwitsa nchakuti America, kwawo kwa mwini maganizo, sanalowemo konse, popeza nyumba ya malamulo ya dzikolo inakana. Mu Africa maiko amene anakhalapo mamembala anali anayi okha: South Africa, Liberia, Ethiopia ndi Egypt. Ena onse anali m'manja mwa atsamunda, opanda mpando, opandanso mawu.

M'pangano lokhazikitsa bungweli munali ndime ina, ya nambala 23, imene ambiri sanailabadire pa nthawiyo. Ndimeyi inkamanga maiko kuti azisamala za moyo wa anthu apantchito, kuti azichitira chilungamo eni nthaka a m'maiko amene ankawalamulira, kuti athetse malonda ogulitsa amayi ndi ana ndiponso a mankhwala ozunguza bongo, ndi kuti azithandizana poletsa miliri. Mapangano ena otere analipo kale, koma ankangogona m'makabati. Chatsopano chinali chakuti tsopano panali ofesi yokhalitsa, ya antchito ochokera m'maiko osiyanasiyana, imene inkafunsa boma lililonse chaka ndi chaka kuti: munalonjeza, nanga mwachitapo chiyani?

Akaidi oiwalika

Ntchito yoyamba inali ya akaidi a nkhondo. Patapita chaka ndi theka mfuti zitaleka kulira, asilikali zikwi mazanamazana a ku Germany, Austria, Hungary ndi maiko ena anali akali m'misasa ya ku Russia, ena kutali ku Siberia, dziko la chisanu choopsa. Nawonso asilikali a ku Russia anali akali m'misasa ya ku Germany. Ku Russiako kunali nkhondo yapachiweniweni, njanji zinali zitaonongeka, ndipo boma latsopano lachikomyunizimu silinkakhulupirirana ndi maiko a kumadzulo. Kumudzi akazi ndi ana sankadziwa ngati adikirebe abambo kapena alire maliro.

Mu Epulo 1920 bungwe la League linapempha Fridtjof Nansen wa ku Norway kuti asenze mtolo umenewu. Nansen, amene anabadwa mu 1861, ankadziwika monga katswiri wa sayansi ndi wofufuza malo osafikako anthu. Mu 1888 anadutsa chilumba cha Greenland akuyenda pa madzi oundana, ndipo kuyambira 1893 mpaka 1896 anali pa ulendo wolowera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, umene anauyamba pa sitima yotchedwa Fram. Munthu wotere anazolowera kuwerenga bwino chakudya, masiku ndi mtunda asananyamuke.

Atsogoleri a ku Moscow anakana kukambirana ndi League, koma anavomera kukambirana ndi Nansen monga munthu payekha. Iye sanataye nthawi ndi kulimbirana ulemu. Mothandizana ndi a Red Cross anapempha ndalama ku maboma, napeza sitima zapamadzi, nakonza zoti akaidi aziwoloka nyanja ya Baltic uku ndi uku, makamaka pakati pa madoko a Narva ndi Stettin. Pofika mu 1922 anauza msonkhano waukulu wa League kuti anthu 427,886 abwerera kwawo. Chiwerengerochi tingochiwerenga pa pepala, koma tikumbukire kuti aliyense wa iwo anagogoda pa khomo lina lake, ndipo wina anamutsekulira.

Chiphaso cha anthu opanda dziko

Ntchito ija isanathe, inabwera ina yovuta koposa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia inathamangitsa anthu osachepera 800,000, amene anamwazikana ku Constantinople, Belgrade, Berlin, Paris, ngakhale ku China. Mu Disembala 1921 boma la Lenin linalamula kuti ambiri a iwo sanalinso nzika za Russia. Tsono munthu wotere analibe boma lomupatsa pasipoti, ndipo popanda pasipoti sakanatha kuwoloka malire kukafuna ntchito kapena kutsata abale ake. Dziko limene anafikira likatopa naye linkamutaya pamalire, dziko linalo nkumumanga chifukwa cholowa popanda chilolezo, kenaka nkumubwezanso. Pamaso pa malamulo anali ngati munthu amene sanabadwe.

Nansen, amene mu 1921 anasankhidwa kukhala mkulu woyang'anira othawa kwawo, anapeza njira yapafupi. Pa msonkhano wa ku Geneva mu Julayi 1922, maiko anagwirizana kuti boma la dziko limene wothawa kwawo akukhala lizimupatsa chikalata chosonyeza dzina lake, chithunzi chake ndi kumene anachokera, ndipo maiko ena azichilandira m'malo mwa pasipoti. Anthu anachitcha pasipoti ya Nansen. Chikalatachi sichinkapatsa munthu unzika, ndipo chinkafunika kuchikonzanso chaka chikatha, komabe chinamupatsa choonetsa kwa wapolisi wa pamalire. Mu 1924 chinayamba kuperekedwa kwa anthu a mtundu wa Armenia amene anapulumuka pamene mtundu wawo unkapululidwa mu ufumu wa Turkey, ndipo mu 1928 kwa Aasuri ndi magulu ena. Maiko oposa 50 anachivomereza, ndipo anthu pafupifupi 450,000 anayenda nacho. Ena mwa iwo anali otchuka, monga wopeka nyimbo Igor Stravinsky ndi wolemba mabuku Vladimir Nabokov, koma ambiri anali anthu wamba amene anakapeza ntchito m'mafakitale ndi m'minda ya ku France ndi kwina.

Ndalama ndizo zinkasowa. League inkangolipira zoyendetsera ofesi, osati zothandizira anthuwo. Choncho kuyambira mu 1926 pa chiphaso chilichonse pankamatidwa sitampa yogula, ndipo ndalama za sitampayo zinkalowa m'thumba lothandiza othawa kwawo osauka kulipira ulendo kapena kupeza poyambira. Wothawa kwawo amene wapeza kale ntchito ankakweza mnzake amene sanapeze.

Mu 1922 Nansen analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, ndipo ndalama zake anazipereka ku ntchito yothandiza ovutika. Anamwalira mu Meyi 1930, koma ofesi yotchedwa dzina lake inapitiriza ntchito, nilandiranso mphoto yomweyo mu 1938. Pakati apo, mu 1933, panalembedwa pangano loyamba loletsa kubweza wothawa kwawo mokakamiza ku dziko limene wathawa. Maiko amene analilandira sanakwane khumi. Ngakhale zinali choncho, lamulo limenelo ndilo mwala wapangodya wa malamulo a othawa kwawo amene tili nawo lero.

Midzi yatsopano ku Greece

Pamene pasipoti ija inkayamba kugwira ntchito, tsoka lina linagwa chakum'mwera. Mu 1922 nkhondo ya pakati pa Greece ndi Turkey inatha ndi kupsa kwa mzinda wa Smyrna, ndipo Agiriki amene makolo awo anakhala tsidya la Turkey kwa zaka zikwi anathawira ku Greece ali chimanjamanja. Chaka chotsatira maiko awiriwa anapangana ku Lausanne kuti asinthane anthu potsata chipembedzo. Akhristu oposa miliyoni imodzi ochokera ku Turkey anawerengedwa kukhala a ku Greece, ndipo Asilamu pafupifupi 400,000 a ku Greece anatumizidwa ku Turkey. Palibe amene anafunsidwa maganizo ake. Nansen anali nawo pa zokambiranazo, ndipo mpaka lero odziwa mbiri amatsutsana ngati kuzula anthu chotero kunali mankhwala kapena bala lina.

Dziko la Greece linali losauka, la anthu pafupifupi 5 miliyoni okha. Alendowo anagona m'masukulu, m'matchalitchi, m'nyumba zochitira zisudzo ndi m'mahema, ndipo matenda anayamba kuwakolola. Mu 1923 League inakhazikitsa komiti yapadera, yotsogoleredwa poyamba ndi Henry Morgenthau wa ku America, ndipo mu 1924 inathandiza Greece kupeza ngongole yoposa mapaundi 12 miliyoni. Lamulo la komitiyi linali lakuti ndalamazo zisagulire chakudya chongodya lero, koma zikhazikitse anthu. Banja linkapatsidwa malo olima, mbewu, pulawo, chiweto cholimira ndi nyumba, ndipo linkayenera kubweza pang'onopang'ono. Pamene komitiyo inatseka mu 1930, anthu oposa theka la miliyoni anali atakhazikika m'midzi, makamaka kumpoto kwa dzikolo. Phunziro lake linali lakuti wothawa kwawo akapatsidwa khasu saleka kukhala mlendo yekha, amasandukanso wodyetsa ena.

Nkhondo yolimbana ndi miliri

Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mu 1920 mawuwa anali oona monga momwe akumvekeramo, pakuti mdani wamkulu wa kum'mawa kwa Ulaya anali nsabwe yeniyeni. Nsabwe imafalitsa matenda oopsa otchedwa typhus, amene amakonda malo othithikana anthu osowa madzi osamba ndi zovala zosinthira. Ku Russia anthu mamiliyoni anadwala, ndipo mliri unkalowera ku Poland pamodzi ndi anthu obwerera kwawo. League inatumiza madokotala pamodzi ndi sopo, zovala ndi zipangizo zachipatala kukalimbikitsa malo a m'malire oyezera ndi osambitsira apaulendo.

Pa ntchito imeneyi panaphuka nthambi ya zaumoyo, imene kuyambira 1921 mpaka 1939 inatsogoleredwa ndi Ludwik Rajchman, dokotala wa ku Poland. Nthambiyi inachita zinthu zitatu zimene sizioneka ndi maso koma zapulumutsa anthu osawerengeka.

Choyamba chinali kuchenjezana. Mu 1925 kunatsekulidwa ofesi ku Singapore, imene inkalandira lamya kuchokera ku madoko ambiri a ku Asia ndi a kum'mawa kwa Africa, ndipo sabata iliyonse inkaulutsa pa wailesi kumene kwabuka kolera, nthomba kapena mliri wa makoswe. Motero akuluakulu a pa doko ankadziwiratu sitima yoyenera kuiyang'anitsitsa isanatsitse anthu. Kalata ya sabata ndi sabata yonena za miliri, imene inayamba ku Geneva mu 1926, ikali kutuluka pansi pa bungwe la WHO.

Chachiwiri chinali kugwirizanitsa miyeso. Kale mankhwala amodzimodzi ankakhala amphamvu m'dziko lina, ofooka m'dziko lina, kotero dokotala sankadziwa mlingo woyenera. Akatswiri oitanidwa ndi League anagwirizana muyeso umodzi wa mankhwala a matenda a shuga otchedwa insulin, wa mavitamini, ndi wa mankhwala ena ambiri. Lero mukaona zilembo za IU pa botolo la mankhwala, dziwani kuti muyeso wotero unakhazikika m'masiku amenewo.

Chachitatu chinali kufufuza. Mu 1924 kunayamba komiti ya malungo, ndipo mu 1926 gulu la akatswiri linakhala ku Entebbe m'dziko la Uganda kufufuza matenda a kaodzera, amene amafalitsidwa ndi kashembe. Akuluakulu a zaumoyo a maiko a mu Africa anasonkhana ku Cape Town mu 1932 ndi ku Johannesburg mu 1935. Mu 1937 kunatuluka lipoti la kadyedwe losonyeza kuti ngakhale m'maiko olemera ana a osauka ankadwala chifukwa chosowa zakudya zoteteza thupi, monga mkaka, mazira, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Chidwi chimenechi chinafika kuno, pakuti boma la Britain linayamba kufufuza kadyedwe m'maiko amene linkalamulira, ndipo mu 1938 gulu lotsogoleredwa ndi Dr B. S. Platt linayamba kuyeza zakudya za anthu m'midzi ina ya m'boma la Kota Kota.

Amayi atatu

Mbiri ya ntchito yosamala amayi ndi ana yamangika pa maina a amayi atatu. Woyamba ndi Rachel Crowdy wa ku Britain, amene anatumikira ovulala pa nthawi ya nkhondo, ndipo anali mayi yekhayo amene anatsogolera nthambi yathunthu ya League. Nthambi yake inkalimbana ndi anthu onyenga atsikana kuti akawapezera ntchito kunja, kenaka nkukawagulitsa ku nyumba za uhule. Mapangano akale ankalankhula za atsikana achizungu okha, koma la 1921 linakonza mawuwo kuti likhudze amayi ndi ana a mtundu uliwonse. Ofufuza anatumizidwa m'maiko 28, ndipo lipoti lawo la 1927 linasonyeza kuti nyumba za uhule zololedwa ndi boma ndizo zinkapereka msika kwa ogulitsa anthu. Nthambi yomweyo inkayang'aniranso mankhwala ozunguza bongo. Pangano la 1925 linalamula kuti mankhwala otere asatumizidwe kunja popanda kalata yachilolezo ya boma la dziko logula, ndipo chamba chinalowa m'gulu limeneli. La 1931 linaletsa mafakitale kupanga oposa amene zipatala zikufuna.

Wachiwiri ndi Karen Jeppe wa ku Denmark. Pamene anthu a mtundu wa Armenia ankaphedwa kuyambira mu 1915, amayi ndi ana ambiri anatengedwa nkusungidwa m'nyumba za anthu ena, ena monga antchito, ena monga akazi okwatiwa mokakamiza. Atasankhidwa ndi League mu 1921, Jeppe anatsekula nyumba yolandirira anthu mumzinda wa Aleppo ku Syria, natumiza amithenga m'midzi kukanong'oneza kuti pali khomo lotseguka. Aliyense wofika ankalembedwa dzina ndi mbiri yake, kujambulidwa chithunzi, ndi kuphunzitsidwa ntchito yamanja, pamene antchito ankafunafuna abale ake. Anthu pafupifupi 2,000 anapulumuka mwa njira imeneyi, ndipo ambiri anakumananso ndi achibale awo.

Wachitatu ndi Eglantyne Jebb wa ku Britain, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la Save the Children pamodzi ndi m'bale wake Dorothy Buxton. Ana oyamba amene iwo anawapemphera chakudya anali a ku Germany ndi Austria, maiko amene anali adani a dziko lawo, ndipo ambiri anawanyoza chifukwa cha ichi. Koma kwa Jebb mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale mnzakoyo munamenyana naye dzulo. Iye analemba mfundo zisanu zachidule za ufulu wa mwana, ndipo League inazilandira pa 26 Sepitembala 1924. Mfundozo zinkanena kuti mwana apatsidwe zomukulitsa m'thupi ndi mumzimu. Kuti wanjala adyetsedwe, wodwala asamalidwe, wamasiye apatsidwe pokhala. Kuti pa nthawi ya tsoka mwana ayambe ndiye kuthandizidwa. Kuti aphunzitsidwe kudzipezera zosowa ndipo asadyeredwe masuku pamutu. Ndi kuti aleredwe podziwa kuti luso lake nlotumikira anzake. Pa tsinde limeneli panadzaphuka pangano la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi analilandira mu 1991.

Ukapolo ndi ntchito yokakamiza

Kuno kwathu malonda a akapolo anathetsedwa m'zaka za m'ma 1890, koma m'madera ena ukapolo unalipobe pamene League inkayamba. Komiti yofufuza inakhazikitsidwa mu 1924, ndipo pa 25 Sepitembala 1926 maiko anasayina pangano lofotokoza kuti kapolo ndi munthu amene wina akumuchita ngati katundu wake, ndi lolonjeza kuthetsa mchitidwewu. Zipatso zinaoneka. Mu 1927 khoti la ku Sierra Leone litagamula kuti mbuye ali ndi ufulu wogwira kapolo wothawa, boma la Britain linachita manyazi pamaso pa maiko anzake, ndipo pa 1 Januwale 1928 anthu oposa 200,000 a m'dzikolo anamasulidwa. Mu 1930 ofufuza otsogoleredwa ndi Cuthbert Christy anapeza kuti akuluakulu a boma la Liberia ankagwira anthu nkuwatumiza mokakamiza kukalima pa chilumba cha Fernando Po, ndipo Pulezidenti Charles King anatula pansi udindo.

Komatu atsamunda ankaloza chala ukapolo wa ena, pamene eni ake ankakakamiza anthu kumanga njanji ndi misewu ndi kusenza katundu. Bungwe la zantchito la ILO, limene linabadwa mu 1919 monga nthambi ya banja lomweli, linalemba pangano loletsa ntchito yokakamiza mu 1930. Kulemba kunali kwapafupi, kutsata kunali kwina. Portugal, amene ankalamulira Mozambique, analandira panganoli mu 1956, ndipo kuno thangata la m'maesiteti a m'chigawo cha kum'mwera linapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Pamene chifundo chinapunthwa

Nthawi zonse chifundo chikakumana ndi ndale za maiko amphamvu, chinkagonja. Mu 1921 njala yoopsa inagwa m'dera la mtsinje wa Volga ku Russia. Nansen anaimirira pa msonkhano waukulu wa League napempha ngongole yogulira chakudya, koma maboma anakana, poopa kuti thandizolo lilimbikitsa ulamuliro wa Lenin. Ntchitoyo inatsalira mabungwe achifundo ndi gulu la ku America lotsogoleredwa ndi Herbert Hoover, limene linadyetsa anthu pafupifupi 10 miliyoni. Ngakhale zinatero, anthu pafupifupi 5 miliyoni anafa.

Mu 1933 Hitler atayamba kuzunza Ayuda, James McDonald wa ku America anasankhidwa kuyang'anira othawa ku Germany. Poopa kukhumudwitsa boma la Germany, ofesi yake inaikidwa padera, kunja kwa League, ndipo maiko ambiri anatseka makomo awo. Mu Disembala 1935 McDonald anatula pansi udindo, nalemba kalata yochenjeza kuti kungothandiza othawa sikukwanira ngati maiko salimbana ndi chimene chikuwathamangitsa. Sanamumvere. M'chaka chomwecho Italy analowa m'dziko la Ethiopia naponya mpweya wapoizoni, ndipo mu Juni 1936 Mfumu Haile Selassie anadandaula yekha pa bwalo la ku Geneva osapeza womuthandiza.

Nawo maiko amene analandidwa kwa Germany, monga Tanganyika ndi South West Africa, anaperekedwa kwa atsamunda ena kuti awayang'anire m'dzina la League. Olamulirawo ankayenera kupereka lipoti chaka chilichonse, ndipo ichi chinawapatsako mantha pang'ono. Koma mwini dziko akafuna kudandaula ku Geneva, kalata yake inkayenera kudzera m'manja mwa boma lomwelo limene akulidandaula.

Mbewu zinamera

Bungwe la League of Nations linathetsedwa mu Epulo 1946, ndipo katundu wake ndi mabuku ake anaperekedwa ku United Nations. Ntchito yake ya zaumoyo inalowa m'bungwe la WHO, limene linayamba mu 1948. Rajchman yemwe uja ndiye anayambitsa maganizo okhazikitsa UNICEF mu 1946, nakhala wapampando wake woyamba. ILO inapulumuka yathunthu. Ntchito ya Nansen inatsitsimuka mu 1950 pamene kunakhazikitsidwa bungwe la UNHCR.

Ife Amalawi tinaona ndi maso athu chimene mbewu imeneyi inabala. Nkhondo yapachiweniweni itakula ku Mozambique, makamaka kuyambira mu 1986, abale athu a tsidya lija anawoloka malire kulowa ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka anapitirira miliyoni imodzi. Mafumu ndi anthu a m'midzi ndiwo anayamba kuwapatsa malo ndi ufa, kenaka mabungwe a maiko onse anafika ndi mahema, mijigo ndi mankhwala. Mtendere utabwera mu 1992 iwo anayamba kubwerera kwawo. Mu 1994 kunatsekulidwa msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, umene walandira othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Kulemba maina a alendo otere, kuwapatsa zikalata, ndi kukana kuwabweza kumene akukaphedwa, zonsezi ndi njira zimene zinalambulidwa ku Geneva zaka 100 zapitazo.

Nansen, Rajchman, Crowdy, Jeppe ndi Jebb analibe asilikali, ndipo ndalama anali nazo zochepa. Iwo sanadikire kuti atsogoleri ayambe agwirizana pa nkhani zazikulu za nkhondo ndi mtendere. Anagwira chimene chinali pafupi ndi dzanja lawo: sitima, chikalata, sopo, khasu, ndi kulemba bwino dzina la munthu wotayika. Inu achinyamata amene mukusankha ntchito ya moyo wanu, onani kuti unamwino, ulembi ndi uphunzitsi si ntchito zazing'ono ayi. Ndipo ife makolo, ana athu amamva mmene timalankhulira za mlendo wothawa nkhondo, za mwana wamasiye wa pakhomo loyandikana nafe, ndi za mtsikana amene wina akumulonjeza ntchito kunja kwa dziko. Akuluakulu anatisiyira mawu akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maiko a ku Ulaya anaphunzira mawuwa mochedwa ndiponso mowawa, ndipo ife tilibe chifukwa chowaiwalira.